“Me duele la espalda”: kufotokoza ululu wa msana m'Chisipanishi

Anthu ophunzira Chisipanishi kudzera m'Chingerezi amakonda kukodwa pa chiganizo chimodzi chachifupi, chimene Chichewa chikanawawolotsa mosavuta. Chiganizocho ndi “me duele la espalda”. Mabuku ambiri ophunzitsira chilankhulochi analembedwera anthu olankhula Chingerezi, ndipo amatha masamba angapo akufotokoza kuti mneni “doler” amayenda chafutambuyo. Kwa ife palibe chafutambuyo chilichonse. Tikamati “msana ukundipweteka”, wochita ntchito m'chiganizomo ndi msana. Mwini msanayo amangolandira ululu, ndipo amaoneka m'kaphatikizo -ndi- kamene kali mkati mwa mneni. Chisipanishi chimayenda njira yomweyo: “la espalda” ndi msana, “duele” ndi “ukupweteka”, ndipo “me” ndi -ndi- uja, kungoti waima payekha kutsogolo kwa mneni.

Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zotsatira zimadza zokha. Mneni amagwirizana ndi chiwalo chopwetekacho. Timati “msana ukundipweteka” koma “mapewa akundipweteka”, ndipo nawonso amati “me duele la espalda” koma “me duelen los hombros”. Pokamba za ululu wa tsopano lino, mitundu ya mneniyu imene mukufunika ndi iwiri yokha: “duele” pa chiwalo chimodzi, “duelen” pa ziwalo zingapo. Chimene chimasintha malinga ndi wodwalayo ndi kamawu ka kutsogolo kaja. “Me” ndi -ndi-, “te” ndi -ku-, “le” ndi -mu- kapena -wa- waulemu (ndiyenso -ku-…-ni wa mu “ukukupwetekani”), “nos” ndi -ti-, ndipo “les” ndi -wa- wa anthu ambiri. Wonena kuti “yo duelo la espalda” wadziika yekha pamalo a wopweteka ena, ndipo namwino amumva pongoganizira chabe.

Pali zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimasokonezanso. Choyamba, Chisipanishi sichinena “msana wanga” pamene “me” wanena kale mwini wake. “Me duele mi espalda” imamveka ndithu, ndipo ku Mexico ndi m'madera ena a ku Latin America mudzaimva pakamwa pa eni chilankhulo, koma njira yovomerezeka kulikonse ndi “la espalda”. Ifenso sitinena “ndathyoka mkono wanga”. Timangoti “ndathyoka mkono”, monga iwo amati “me rompí el brazo”. Chachiwiri, mukamanenera wodwala wina, dzina lake limatsogozedwa ndi “a”, ndipo “le” sachoka: “a mi madre le duele la espalda”. Ophunzira ambiri amagwetsa chimodzi mwa ziwirizi poganiza kuti ndi kubwereza. Taganizirani mmene timanenera kuti “amayi msana ukuwapweteka”. Tatchula kale amayi, koma -wa- ali pompo.

“Doler” amasanduka “duele” chifukwa o wa m'tsinde amasweka n'kukhala ue pamene liwu latsindika pa iye. Kutsindika kukasamukira kumapeto, o amabwerera: “me dolía”, unkandipweteka, “me dolió”, unandipweteka, “me va a doler”, undipweteka. Palinso “duela”, amene mudzamumva kwa dokotala: “avíseme cuando le duela”, mundiuze pamene muyambe kumva ululu. Simukufunika kumugwiritsa ntchito inuyo, koma khutu lizimuzindikira.

Njira ina yonenera ndi “tengo dolor de espalda”, ndili ndi ululu wa msana. Apa “la” amagwa. Pokulitsa, nenani “mucho dolor” kapena “me duele mucho”, osati “muy dolor”, pakuti “muy” amayenda ndi mawu ofotokoza monga “un dolor muy fuerte”. Samalani ndi “me molesta” komanso “tengo molestias”. Awa amanena za kusowetsa mtendere kwapang'ono, ndipo munthu wofatsa amene wawasankha pofuna kusadandaula kwambiri angatuluke m'chipinda cha dokotala atalembedwa ngati wodwala pang'ono, chonsecho usiku sanagone.

Lilime

Malembo a liwu a Chisipanishi ndi asanu, ndipo amamveka monga athu: a, e, i, o, u. Apa tinapata. Ñ ndi ny wathu, choncho “riñón”, impso, ndi “rinyon”. H satchulidwa konse: “hombro” ndi “ombro”, “hernia” ndi “ernia”.

Vuto lili pa l ndi r. M'Chichewa malembo awiriwa salekanitsa tanthauzo, koma m'Chisipanishi amalekanitsa, ndipo mawu a nkhani ino adzaza nawo: “dolor”, “duele”, “lumbar”, “columna”. Pa l, nsonga ya lilime imakhala phee kuseri kwa mano akumwamba mpweya n'kudutsa m'mbali. Pa r wa pakati kapena pamapeto a mawu, nsongayo imangogunda kamodzi n'kuchoka. Kenaka pali kutsindika. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene mawu a Chisipanishi othera ndi r amatsindika phatikizo lomaliza, pokhapokha atalembedwa kachizindikiro pena. Mukakoka “do-” m'malo mwa “-lor”, “dolor” wayandikira “dólar”, ndalama ya ku America. Ndipo mu “espalda”, l akagwa mumatsala ndi “espada”, lupanga. “Hombro” ndi phewa, “hombre” ndi mwamuna, “hambre” ndi njala: lembo limodzi lokha.

Pati penipeni?

Funso loyamba la dokotala likhala “¿dónde le duele?” ndipo kuyankha kuti “la espalda” sikukwanira, chifukwa mawuwa amanena dera lonse kuyambira pamapewa mpaka pamwamba pa matako. Fupa la msana lonse ndi “la columna”, ndipo timafupa take ndi “vértebras”. Pakhosi pali timafupa 7, “las cervicales”. Kuseri kwa chifuwa pali 12, “las dorsales”, tomwe ena amati “torácicas”, ndipo nthiti, “las costillas”, zimagwira pamenepo. Kumunsi kuli 5 tokulirapo, “las lumbares”. Pansi pake pali “el sacro” ndi kafupa ka kumapeto kenikeni, “el coxis”, kamene anthu pocheza amakatcha “la rabadilla”. Anthu wamba ku Spain amagwiritsa ntchito mayinawa tsiku ndi tsiku. Wogulitsa buledi angakuuzeni kuti “tengo mal las cervicales” osadziona ngati akulankhula zachipatala.

Ululu wambiri umakhala kumunsi. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo pa anthu khumi aliwonse, pafupifupi asanu ndi anayi sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene ingalozedwe ndi chala. Choncho dera limeneli ndi loyenera kulidziwa mayina ake onse. Amene amamveka m'dziko lililonse ndi “la parte baja de la espalda” ndi “la zona lumbar”. M'maiko ambiri a ku Latin America anthu amati “me duele la cintura”, zomwe zikufanana ndendende ndi “chiuno chikundipweteka”. Ku Spain “cintura” ndi pamene pamadutsa lamba basi, ndipo m'malo mwake anthu, makamaka achikulire, amati “me duelen los riñones”, impso zikundipweteka, pomwe akunena za minofu ya kumunsi kwa msana. Wophunzira ayenera kuwamva mawuwa koma asawatengere. Mukawanena kwa dokotala amene sazolowera kanenedwe kameneka, angayambe ndi kukuyezani mkodzo.

Mawu athu oti chiuno amaphimba malo awiri amene Chisipanishi chimawalekanitsa. “La cadera” ndi m'mbali, pamene fupa la ntchafu limalowa. Ululu wa pamenepo, umene kawirikawiri umamveka m'mphechepeche, “la ingle”, umafufuzidwa mosiyana ndi wa msana. Musanalowe m'chipinda cha dokotala, gwirani pamalopo ndi dzanja n'kudzifunsa ngati pali kumbuyo kapena m'mbali.

Amene anakulira ku Tete kapena ku Niassa ndipo amadziwa Chipwitikizi ali ndi msampha wawo. Kwa iwo msana ndi “as costas”, koma m'Chisipanishi “las costas” ndi magombe a nyanja. Mawu oyandikira ndi “el costado”, amene amanena m'mbali mwa thupi cha m'nthiti.

Mawu olozera ndi ochepa: “arriba” kumtunda, “abajo” kumunsi, “en el centro” pakati, “en el lado derecho” kumanja, “en el lado izquierdo” kumanzere, “en los dos lados” mbali zonse. Pakati pa mafupa a mapewa ndi “entre los omóplatos”. Zonse zikathawa m'mutu, “aquí” ndi chala zimagwira ntchito, ndipo madokotala amaona kusiyana pakati pa wodwala woloza ndi chala chimodzi ndi wosisita dera lonse ndi chikhatho.

Chinthu chimene dokotala amafunitsitsa kumva ndi chakuti ululuwo umakhala malo amodzi kapena umayenda. Iye anena kuti “¿se le irradia?” kapena mosavuta “¿le baja por la pierna?”, kodi umatsikira kumwendo? Yankho labwino limatchula njira yonse ndi pothera: “me baja por el glúteo y por detrás del muslo hasta el pie”, umatsika kudzera pathako ndi kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi. Mawu ofunika apa ndi “hasta”, mpaka. Ululu wothera pathako kapena pantchafu nthawi zambiri umachokera ku minofu ndi mfundo za msana. Wopitirira bondo, “la rodilla”, n'kufika ku katumba, “la pantorrilla”, kapena kuzala, umasonyeza kuti mtsempha wapanikizika. Ndiyo “la ciática”. Chimene chimaupanikiza kawirikawiri ndi kamtsamiro kofewa kokhala pakati pa timafupa tiwiri, kamene katumphukira kunja: “una hernia discal” ku Spain, “hernia de disco” ku Latin America. Zimachitika kwambiri pa malo awiri otsiriza, amene pa pepala amalembedwa L4-L5 ndi L5-S1 (L ndi “lumbares”, S ndi “sacro”), ndipo pakamwa amamveka “ele cuatro, ele cinco” ndi “ele cinco, ese uno”. Pa thako pali mawu angapo. Kuchipatala nenani “el glúteo” kapena “la nalga”. “Culo” ku Spain ndi mawu apanyumba, koma m'maiko ambiri a ku Latin America ndi otukwana.

Umapweteka motani?

Chichewa chili ndi chuma pa mbali imeneyi, ndipo nzeru ndi kuyamba mwasankha mawu athu kenaka n'kufuna mnzake. Ululu wobaya ngati singano ndi “un dolor punzante” kapena “un pinchazo”. Wotentha ngati moto ndi “ardor” kapena “quemazón”, ndipo mneni wake amamangidwa monga “doler”: “me arde”, “me quema”. Ululu wosabaya koma wosachoka, wolemera, umene munthu amayenda nawo tsiku lonse, amautcha “un dolor sordo”. “Sordo” payekha ndi munthu wosamva, ndiye musadabwe dokotala akakufunsani ngati ululu wanu uli wogontha.

Dzanzi lili ndi mawu awiri. Pamene mukumva ngati tinyerere tikuyenda pakhungu, ndi “hormigueo”, kuchokera ku “hormiga”, nyerere. Pamene khungu lafa osamva kanthu, amati chiwalocho chagona: “se me duerme la pierna”, “tengo el pie dormido”. Kuuma kwa msana, makamaka m'mamawa, ndi “rigidez”, ndipo dokotala angafune kudziwa kuti kumatenga mphindi zingati kuti kumasuke, chifukwa kuuma kopitirira theka la ola mwa munthu wachinyamata, kumene kumachepa akayamba kuyendayenda, kumaloza ku matenda otupitsa mfundo. “Calambre” ndi kukokana kwa minofu, komanso ndi kugwidwa ndi magetsi; ngati mukunena za ululu wothamanga ngati mphezi kutsikira kumwendo, nenani “como una corriente” kuti pasakhale chisokonezo. “Una contractura” ndi mnofu woumbika ngati mfundo, ndipo ndi mawu amene mudzawamva kwambiri kwa “el fisio”, katswiri wa mafizo, yemwe ku Argentina ndi ku Chile amatchedwa “kinesiólogo”.

“Agudo” ali ndi nkhope ziwiri. Pakamwa pa wodwala ndi ululu wakuthwa, wamphamvu. Pakamwa pa dokotala ndi ululu wongoyamba kumene, kawirikawiri wosapitirira masabata 6, kusiyana ndi “crónico” umene wadutsa masabata 12. Mukaona “lumbalgia aguda” pa pepala lanu, sizikutanthauza kuti matenda ndi oopsa. “Lumbalgia” ndi dzina la ululu wa kumunsi kwa msana basi, lomwe anthu wamba amati “lumbago”.

Kenaka padzabwera funso la nambala: “del cero al diez, ¿cuánto le duele?” Ziro ndi kusamva kanthu, teni ndi ululu woposa wonse umene mungauganizire. Yankhani ndi “un”: “un siete”. Ndi bwino kupereka manambala awiri, wa pamene mwakhala phee ndi wa pamene mukusuntha: “en reposo, un tres, al moverme, un ocho”. Tinazolowera kuyankha kuti “pang'ono” kapena “ndiliko bwino” ngakhale zinthu zitavuta, koma m'chipinda cha dokotala ku Madrid kapena ku Bogotá, “un poco” alembedwa monga momwe mwanenera.

Kuyambira liti, ndipo zinayamba bwanji?

Apanso Chichewa ndi mlatho wabwino kuposa Chingerezi. Timati “patha masiku atatu msana ukundipweteka”, mneni ali m'nthawi yatsopano chifukwa ululu ukadalipo. Chisipanishi chimati “hace tres días que me duele la espalda”, kapena “me duele desde hace tres días”, kapenanso “llevo tres días con dolor”. Zonse zitatu zili m'nthawi yatsopano. Amene amadzera ku Chingerezi amapanga “me ha dolido por tres días”, chiganizo chimene chimamveka chachilendo ndipo chingachititse womvera kuganiza kuti ululu unatha. “Desde” payekha amayenda ndi tsiku kapena chochitika: “desde el lunes”, “desde el parto”, chiberekere. “Desde hace” amayenda ndi kutalika kwa nthawi. “Hace tres días” payekha, ndi mneni wa nthawi yakale, ndi “masiku atatu apitawo”: “me caí hace tres días”, ndinagwa masiku atatu apitawo.

Pofotokoza chiyambi, Chisipanishi chimagwiritsa ntchito nthawi zakale ziwiri, monga ife timalekanitsira “ndinkanyamula” ndi “ndinamva”. Chimene chinali mkati mochitika chimatenga mtundu woyamba, chodzidzimutsacho chimatenga wachiwiri: “estaba levantando un saco y me dio un tirón”, ndinkanyamula thumba ndiye ndinangomva mnofu kukoka. Ku Spain mudzamva “me quedé clavado” kapena “me quedé enganchado”, kunena za kuwerama n'kulephera kuwongokanso. Mayi anene “clavada”, “enganchada”. Kudzipweteka ndi “me hice daño” ku Spain ndi “me lastimé” ku Latin America. Ndipo pa kunyamula, pewani “coger”. Ku Spain “coger peso” ndi mawu abwinobwino, koma ku Mexico, Argentina ndi Uruguay mneni ameneyu amanena za kugonana mwachipongwe. “Levantar” ndi “cargar” ndi otetezeka kulikonse. Ngati palibe chimene chinachitika, nenani “empezó poco a poco, sin ningún golpe”, unayamba pang'onopang'ono osamenyedwa ndi kanthu.

Chida chimodzi chaching'ono chimathetsa funso la zimene zimakulitsa ululu: “al” kutsogolo kwa mneni wosasinthidwa. Chimafanana ndi po- wathu wa mu “powerama”, “potsokomola”. “Me duele al agacharme”, powerama. “Al toser”, potsokomola. “Al estornudar”, poyetsemula. “Al levantarme de la cama”, podzuka pabedi. “Al caminar”, poyenda. Onani kuti aneni a zochita munthu pathupi lake amanyamula “me” kumapeto. Kukula ndi “empeora”, kuchepa ndi “mejora”: “empeora cuando estoy sentado y mejora cuando camino”. Kutsokomola ndi kuyetsemula si zinthu zazing'ono zoti muzisiye, pakuti ululu wotsikira kumwendo pa nthawi imeneyo umaloza ku kamtsamiro kaja.

Pa bedi loyezera

Kufika apa inu mwalankhula. Tsopano dokotala azilamula, ndipo malamulo a ulemu amamveka mosiyana ndi aneni amene munaloweza. “Póngase de pie”, imirirani. “Quítese la camisa”, vulani malaya. “Inclínese hacia delante”, weramirani kutsogolo. “Hacia atrás”, chakumbuyo. “Túmbese” ku Spain ndi “acuéstese” ku Latin America, gonani. Kagonedwe amakanena poyang'ana kumene kwaloza pakamwa: “boca arriba” ndi chagada, “boca abajo” ndi chafufumimba, “de lado” ndi chammbali. “Dese la vuelta”, tembenukani. Madokotala ambiri achinyamata ku Spain amalankhula ndi wodwala mwa “tú”, iwe, choncho mudzamva “túmbate”, “ponte de pie”, “¿te duele?”. Si chipongwe, ndi chizolowezi cha kumeneko. Inu mukayamba ndi “usted”, inu waulemu, simulakwa.

Mukagona chagada, dokotala amakweza mwendo wanu uli wowongoka. Adzati “relaje la pierna”, lekererani mwendo, kutanthauza kuti musamuthandize kunyamula. Akufuna kudziwa ngati ululu uthamangire kumunsi kwa bondo pamene mwendo wakwera pakati pa madigiri 30 ndi 70. Kuyeza kumeneku pa pepala kumalembedwa “Lasègue”. Apa muyenera kulekanitsa zinthu ziwiri: “me tira detrás del muslo”, kuseri kwa ntchafu kukukoka, zomwe zimachitikira aliyense wa minofu youma, ndi “me baja el dolor hasta el pie”, zomwe ndi zimene akufufuza. Kenaka adzati “camine de puntillas”, yendani monyang'ama, ndi “camine de talones”, yendani ndi zidendene. Kulephera kunyang'ama kumaloza ku muzu wa mtsempha wa S1, kulephera kuyenda ndi zidendene kumaloza makamaka ku L5. “Empuje” ndi kankhani, “apriete” ndi finyani, ndipo “¿lo nota igual en los dos lados?” akufunsa ngati khungu likumva mofanana mbali zonse.

Mawu osayenera kuwachitira manyazi

Ululu wambiri wa msana umachepa wokha m'masabata ochepa, n'chifukwa chake dokotala sangakutumizeni msanga ku “radiografía”, ekisile, kapena ku “resonancia”, kujambula ndi makina a MRI. Koma pali zizindikiro zochepa zimene zimasintha zonse, ndipo zina mwa izo ndi zimene pachikhalidwe chathu timazinena mozungulira. M'chilankhulo chachilendo kuzungulira kumasocheretsa. “No puedo orinar”, ndikulephera kukodza. “Se me escapa la orina”, mkodzo ukungotuluka wokha. “No controlo las heces”, chimbudzi chikungotuluka. “Tengo dormida la zona de los genitales y del ano”, kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi kwachita dzanzi. “Estoy perdiendo fuerza en las piernas”, miyendo ikutha mphamvu. Izi zikabwera pamodzi ndi ululu wa msana zingatanthauze kuti mtolo wa mitsempha wa kumapeto kwa msana wapanikizika, matenda otchedwa “síndrome de cola de caballo”, mchira wa kavalo, ndipo pangafunike opaleshoni m'maola ochepa. Pamenepo sipofunsa tsiku lokaonana ndi dokotala. Pitani ku “urgencias”, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, kapena imbani 112 ku Spain, 911 ku Mexico.

Zina zoyenera kunena ngakhale musanafunsidwe ndi “tengo fiebre”, thupi likutentha. “He perdido peso sin querer”, ndaonda mosafuna. “El dolor me despierta por la noche”, ululu umandidzutsa usiku. “He tenido cáncer”. Kwa munthu wochokera kwathu kuno pali ziganizo zina zitatu zimene dokotala wa ku Ulaya sangaziganizire msanga. TB imatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo m'Chisipanishi imatchedwa “mal de Pott”. Nenani “he tenido tuberculosis” kapena “he vivido con alguien con tuberculosis”. Likodzo, “esquistosomiasis”, nthawi zina limafika ku mtsempha waukulu wa mumsana n'kufooketsa miyendo. Nenani “me he bañado en el lago Malawi”, ndinasambapo m'nyanja ya Malawi, kapena “en ríos de África”. Ndipo HIV m'Chisipanishi imatembenuka n'kukhala VIH, imene ku Spain amaitchula “uve, i, hache”. “Tomo antirretrovirales” ndiko kuti ndimamwa ma ARV.

Mawu awiri amanyenga odzera ku Chingerezi. “Embarazada” ndi woyembekezera, osati “embarrassed”, wochita manyazi, ndipo mayi adzafunsidwa “¿puede estar embarazada?” asanajambulidwe ekisile. “Constipado” ku Spain ndi wodwala chimfine, osati “constipated”. Wodzimbidwa ndi “estreñido”. Kusamba kwa amayi ndi “la regla”, ndipo “me duele más con la regla” ndi chiganizo chothandiza dokotala kwambiri.

Mankhwala ndi mapepala

Pepala la mankhwala ndi “la receta”, mawu omwewo amene amanena kaphikidwe ka chakudya. Ku Spain “ibuprofeno” wa mamiligalamu 400 amagulidwa popanda pepala, koma wa 600 amafuna “receta”. Panado ndi “paracetamol”, ndipo ku Colombia ndi maiko ena oyandikana nalo amati “acetaminofén”. Ndi mankhwala amodzi, musamwe onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Mankhwala ena ofala kumeneko ndi “metamizol”, amene ku Spain amadziwika ndi dzina la Nolotil ndipo ku Latin America amatchedwanso “dipirona”. Mwa anthu ochepa amagwetsa asilikali a m'magazi, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe loona za mankhwala ku Spain linakumbutsa kuti aziperekedwa ndi pepala la dokotala basi, kwa masiku ochepa. Musalandire kwa mnzanu wogona naye nyumba imodzi. Musanapatsidwe mankhwala a mtundu wa ibuprofeno, “antiinflamatorios”, nenani ngati muli ndi zilonda za m'mimba, “úlcera de estómago”, vuto la impso, kapena ngati ma ARV anu ali ndi tenofovir, pakuti awiriwa pamodzi amalemetsa impso. Funso loti “¿es alérgico a algún medicamento?” likufunsa ngati pali mankhwala amene thupi lanu limadana nawo.

Kamwedwe ndi kumene khutu limafunika kukhala tcheru. “Cada ocho horas” ndi pakatha maola 8 aliwonse, katatu pa tsiku. “Con comida” ndi pamodzi ndi chakudya, “en ayunas” ndi musanadye kanthu, “durante cinco días” ndi kwa masiku asanu. “Cada doce horas”, maola 12, ndi “cada dos horas”, maola awiri, zimamveka pafupifupi chimodzimodzi pakamwa pa munthu wa ku Latin America wolankhula mofulumira, chifukwa c ndi s amazitchula mofanana. Palinso “once”, amene m'Chisipanishi ndi 11 koma m'Chingerezi ndi kamodzi. Kamodzi pa tsiku ndi “una vez al día”. Njira yotetezeka ndi kupempha kuti alembe: “¿me lo puede escribir, por favor?” Ogulitsa mankhwala ku Spain amalemba pabokosi manambala atatu monga 1-0-1, kutanthauza limodzi pa chakudya cha m'mawa, osamwa masana, limodzi pa chakudya chamadzulo.

Malangizo amene mudzamva ndi “reposo relativo”, kupuma koma osati kugona tsiku lonse, chifukwa kukhalitsa pabedi kumachedwetsa kuchira. “Calor local”, kuthowa ndi chofunda. Ndi “evite coger peso” kapena “evite cargar peso”, pewani kunyamula zolemera. Kwa wogwira ntchito m'minda ya ndiwo zamasamba ku Almería, wothyola masitirobere ku Huelva, kapena wosamalira okalamba amene amawanyamula kangapo pa tsiku, langizo lomalizali limafuna pepala. Ku Spain tchuthi cha matenda ndi “la baja”, ndipo amalemba ndi “el médico de cabecera”, dokotala wanu wa nthawi zonse wa ku “centro de salud”, chipatala chaching'ono cha m'dera kumene munalembetsa. Ku Mexico ndi ku Colombia amati “incapacidad”, ku Chile “licencia médica”. Kuloledwa kubwerera kuntchito ndi “el alta”. Ngati msana unayamba muli pantchito, nenani tsiku loyamba lomwelo kuti “me pasó en el trabajo” ndipo onetsetsani kuti zalembedwa, chifukwa ku Spain ngozi ya pantchito, “accidente laboral”, imadzera ku bungwe la inshuwalansi lotchedwa “la mutua”, ndipo malipiro ake amawerengedwa mosiyana ndi a matenda wamba.